Anesi amene anakana kundibaya

Kanali kachitini ka fodya, kofiira, kadzimbiri m'makona. Mkati munali thonje lodetsedwa ndi manja, ndipo pathonjepo pankagona jakisoni wagalasi ndi masingano awiri. Mwini wake anabwera nako kuchokera ku migodi ya ku Joni. Ku Chikale konse tinkamutchula kuti adokotala, chonsecho kumigodiko ankangokolopa m'chipatala. Analinso wapampando wa chipani kudera lathu, choncho palibe amene ankamufunsa kuti udokotalawo anauphunzira kuti.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Inali nyengo ya mango, mvula isanagwe, fungo la usipa wapathandala ndi chinangwa choviika lili paliponse. Bambo anali kunja kwa dziko kukagwira ntchito, ndiye pakhomo mawu omaliza anali a amalume, mlongo wawo wa mayi. Ine ndinali mwana wosakhazikika. Pa kulumpha chingwe panalibe mtsikana wondiposa, ndipo mayi akandituma kudoko ndinkabwerako iwo asanatsuke mbale.

Kenako thupi linatentha. Mutu unkagunda, khosi linauma. Mayi anandibereka, miyendo yanga ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo, n'kukwera nane chitunda kupita kukachipatala kathu. Masiku amenewo munthu ukabwerako kuchipatala osabayidwa, unkati sunathandizidwe. Mapiritsi tinkawaona ngati chinthu chongothamangitsira anthu.

Anesi anali mayi wamfupi wochokera kuchigawo chapakati. Chitonga ankachimva koma poyankhula ankapunthwa, ndiye mayi ankayankhula nawo Chichewa chawo chosakaniza. Anandiika kagalasi kozizira m'khwapa. Anandiweramitsa mutu, ine n'kulira. Anandifinya akatumba a miyendo, n'kuliranso. Apo anayang'ana mapazi anga. Kenako anawerengera mapiritsi m'kapepala.

"Mwanayu sindimubaya," anatero. "Akagone, asathamange. Ndipo chonde mayi, asakabayidwe kwina kulikonse. Mwandimva? Kwina kulikonse."

"Ama nesi, ife talakwa vichi?" anafunsa mayi. "Anzathu onse mukuwalasa, wanga yekha ayi?"

Anesi anayang'ana kukhomo, n'kubwereza mawu omwewo motsitsa.

Lero ndikudziwa chimene anaona. Nyengo imeneyo ana angapo anali atafika kwa iwo miyendo itafa, ndipo anazindikira kuti mwendo wofa unkakhala uja wa mbali imene mwana anabayidwa thupi likutentha. Ndi matenda a poliyo, ndipo singano imawaitanira pamnofu umene yalowa. Koma akanafotokoza bwanji? Kunena kuti kwabuka matenda kunali ngati kunena kuti dziko silikuyenda bwino. Kunena kuti wina akupundula ana ndi singano kunali kutchula wapampando, amene mkazi wake anali pabenchi panja pa khomo lomwelo. Anatipatsa chenjezo lopanda chifukwa chake, ndipo ife tinaliyesa chipongwe.

Amalume atamva anamenya m'manja. "Mlendo ameneyo mankhwala akusungira abale ake," anatero. Mawa lake, dzuwa litangokwera, anandinyamula okha kupita nane pakhonde la adokotala. Mayi anatsatira pambuyo. Panjira anayesa kamodzi kokha kunena kuti anesi analetsa. Amalume anawafunsa ngati akufuna kuti bambo akadzabwera adzapeze manda.

Ndikukumbukira kulira kwa chivundikiro cha kachitini kaja potsegula. Adokotala anaviika singano m'kapu ya madzi ofunda, n'kuipukuta ndi thonje lomwe lija. Anandibaya thako lakumanja. Ndinaluma mlomo osalira, ndipo amalume anandiyamikira kuti ndine mwana wolimba mtima. "Yewo, ada," anatero pothokoza adokotala, atagwira chipewa pachifuwa.

Patapita masiku awiri thupi linazizira. Pakhomo panali chisangalalo, amalume akuyenda ngati ndiwo andichiritsa. Tsiku lachitatu m'mawa ndinadzuka kuti ndikataye madzi, ndipo ndinagwa chafufumimba pakhomo. Ndinadzukanso, n'kugwanso. Mayi ananditsina mwendo wakumanja. Kutsinako ndinakumva bwinobwino, koma mwendowo unangogona pamphasa ngati wa munthu wina. Ndinaulankhula, ndinaumenya, osasuntha.

Titabwerera kuchipatala, anesi anandivula n'kuona kachilonda ka singano. Sanafunse kuti wandibaya ndani. Sananene n'komwe kuti ndinakuuzani. Anangokhala pansi pampando, manja ali pamwendo wanga. "Mankhwala ake palibe, mayi," anatero. "Chimene ndingathe n'kuuletsa kuti usapindike. Ukapindika, mwanayu azidzakwawa."

Koma kunyumba nkhani inali itakhazikika kale mwanjira ina. Anesi ndiwo anapha mwendo pokana kundibaya tsiku loyamba, matenda n'kulowerera. Amalume ananena choncho, oyandikana nafe anavomereza, inenso ndinakhulupirira ndi mtima wanga wonse. Zikuoneka kuti kunali kosavuta kudana ndi mlendo kusiyana ndi munthu amene ankagwira makhadi a chipani a mudzi wonse.

Loweruka lililonse masana, akaweruka, anesi ankatsika wapansi kubwera ku Chikale, nsapato zawo zoyera zitafiira ndi fumbi. Palibe anawatuma. Amalume akangowaona ankanyamuka kupita kumaukonde. Mayi ankawaikira mpando koma moni ankamupereka ngati akumugula. Anesi ankafunditsa madzi, kukulunga mwendo ndi nsalu yotentha, kenako n'kuyamba kuuwongola, bondo, chidendene, phazi. Ululu wake sindinaupezere mawu mpaka lero. Ndinkakuwa mpaka agalu kuuwa. Ndinkawatchula mfiti, ndinawalavulira, tsiku lina ndinawaluma pamkono mpaka magazi. Anangomanga kansalu n'kupitiriza. "Gwirani apa, mayi," ankatero. "Onani mmene ndikuchitira." Mayi ankagwira, nkhope atayang'ana kumbali.

Mwana wa m'nyumba yachitatu kuchokera kwathu atagwanso chimodzimodzi, anesi analephera kupirira. Analemba kalata kwa akuluakulu awo yonena za munthu wa kachitini uja. Izi ndinazimva nditakula. Yankho silinachedwe. Anaitanidwa, anauzidwa kuti akunyoza atsogoleri, ndipo anapatsidwa masiku ochepa kuti alongedze apite kudera lina lakutali. Adokotala anapitiriza kubaya ana pakhonde pawo. Zimandipsetsa mtima mpaka pano kuti pamaliro awo, zaka zambiri pambuyo pake, anthu ananena kuti anathandiza mudzi.

Tsiku lochoka, mvula inali itayamba. Anesi anadzera kwathu m'mawa, katundu ali pamutu, ambulera ili m'manja. Ine ndinadzifunditsa chitenje kumutu kuti asandione. Ndinangomva mawu awo pakhomo. "Musasiye, mayi. Ngakhale alire bwanji, tsiku lililonse. Mukamumvera chisoni mwamupha."

Sitima ya Ilala imene anesi anakwera italiza lipenga kudoko, amalume anandikweza paphewa kuti ndione ikutuluka. Inkaoneka yoyera pamadzi otuwa, utsi ukutsalira m'mbuyo. "Mfiti yako ija yapita," anatero. Ndinawomba m'manja. Ndinaseka koyamba chigwereni, chifukwa ndinadziwa kuti palibenso wondipweteka. Mayi anabwera n'kundigwira manja onse awiri mwamphamvu. "Leka," anatero. Maso awo anali ofiira.

Ndimayenda lero. Ndi ndodo, motsimphina, koma choimirira. Dzina la anesi aja sindilidziwa, ndipo amene akanandiuza onse anapita.

Masana a tsiku limene anesi anachokalo ndinaona mayi akuika madzi pamoto. Anatenga nsalu, anagwada pamphasa, n'kukoka mwendo wanga kuuika pamiyendo pawo. Ndinayesa kuthawa ndi zigongono. Anandibweza. Anagwira bondo ndi chidendene ndendende mmene ankagwirira mlendo uja, n'kukankha. Ndinakuwa kuti, "Ama, nanunso mwasanduka mfiti?" Misozi yawo inkagwera pabondo langa, koma manja sanafewe. Ndinawayang'ana kumaso, osamvetsa kuti mayi anga ondibereka ndawalakwira chiyani.