Amami Batopa

Chaka cha 2018 ndinali ndi zaka 63. Ndi chaka chimene Abusa Mulenga, mkulu wathu pa ntchito yotumikira odwala, anandibweretsera pepala la ulendo wopita kunja.

Sukulu ndinalekeza Giredi 7 kwathu ku Katete. Nditafika ku Lusaka ndinalembedwa ntchito yokankha machira pa chipatala china chachikulu. Zaka makumi atatu ndinkanyamula amoyo kupita nawo ku fiyeta, ndi akufa kupita nawo ku mochale. Panjira ndinkawapempherera, poti panalibe wina woti atero. Nditapuma pantchito, mpingo unandiika kukhala mlaliki wa m'mawodi. Dzina lake amati chapuleni, mtumiki wa Mulungu amene nkhosa zake zili pabedi. Kolala sindinavalepo. A madigiri ankandidutsa pakhonde osandipatsa moni. Koma wodwala akafika pothera, manesi ankaitana ine.

Zida za ntchitoyi ndi zochepa: Baibulo, buku la nyimbo, kabokosi ka Mgonero kokhala ndi timakapu tinayi, khadi pachifuwa, ndi kabuku kolembamo maina a odwala ndi manambala a abale awo. Ukalowa m'wodi umasamba m'manja, n'kupereka moni kwa sisitala woyang'anira. Suima kumiyendo kwa bedi ngati dokotala. Umakoka mpando n'kukhala pansi, kuti maso ako asakhale pamwamba pa wodwala. Umapempha kaye usanapemphere. Sulonjeza machiritso.

Chovuta kwambiri ndi foni yopita kwa abale. Kwathu imfa sitiigwetsa pamutu pa munthu ngati mwala. Mawu ake ali ndi makwerero. Tikati akudwalabe, mukhoza kubwera Loweruka. Tikati matenda akula, bwerani mawa. Tikati atopa, siyani chilichonse chili m'manja mwanu, ngakhale mphika uli pamoto. Pambuyo pa atopa pamatsala liwu limodzi lokha: atisiya. Makwerero amenewa ndinawaphunzitsa manesi atsopano ambiri. Ndinamuphunzitsanso mwana wanga Matilda, wobadwira ku Kabwata, amene Chichewa chake n'cha m'tauni.

Tsiku lija Abusa Mulenga anandipeza ndikutsuka timakapu.

"Shani, ba Mbewe? Onani iyi pepa. Machechi ya ku Ulaya yafuna machapuleni ba kuno, chaka chimodzi. Wao abwela kuno, wathu ayenda kuja."

"Ine ndilibe digiri," ndinatero.

"Ba digili nili nao bambili. Aba bafuna munthu wamene anankhalapo na bantu pa kufa. Lembani."

Ndinalemba. Ndisaname, ndinaufuna ulendowo. Sikuti ndinkafuna kuona chipale chofewa. Ndinkafuna kuti aja ondidutsa pakhonde amve kuti wokankha machira wakwera ndege. Ndinajambulitsa, ndinatenga pasipoti, ndinasonkhanitsa makalata atatu ondichitira umboni. Chotsala chinali mayeso a pakamwa, kuyankhulana ndi akuluakulu a kumeneko pa kompyuta, ku ofesi ya mpingo ku Woodlands.

Miyezi itatu Abusa Mulenga ankandikonzekeretsa. Vuto langa, ankatero, silinali Chingerezi chokha ayi. Linali kuzungulira.

"Kuja sibazungulila, mudala. Munthu ngati afa, mukamba kuti afa. Kutopa kuja ni kutopa chabe, kwa munthu wachoka ku munda. Chosani miyambi mu mutu."

Ndinamvera. Ine ndikauzidwa chinthu ndimachita ndi mtima wonse. M'minibasi, pa chakudya, ndinkadziphunzitsa kumva liwu lililonse mmene lilili, lopanda lina pansi pake.

Mkazi wanga Esnati anali atadwala impso zaka ziwiri. Ndiye ankandifunsa mafunso a pa pepala, miyendo yake yotupa itasanjikidwa pa mpando. Ndikalakwitsa ankaseka mpaka kutsokomola.

"Atate ake Matilda, azunguwo mukawalalikira kapena mukawaopseza? Masulani nkhopeyo."

Tikafika pa funso lachisanu ankatseka pepala. "Basi, ndatopa." Liwu limeneli ankalinena tsiku ndi tsiku. Linakhala ngati mchere m'nyumba mwathu. Anatuma Matilda ku msika wa Soweto kukandisankhira jekete lochindikala pa salaula, zovala zovalidwapo kale, iye n'kulisokerera mabatani atsopano. Anati ndikavale pa mayeso, azungu aone kuti ndakonzeka kuzizira kwawo.

Lolemba la sabata ya mayeso anamugoneka m'chipatala chathu chomwecho, m'wodi ya amayi. Aka sikanali koyamba. Ankagona masiku anayi, asanu, n'kutuluka. Lachinayi m'mawa, tsiku la mayeso, ndinamuona. Anali wofooka, koma ankayankhula. Ndinati ndiwauza a ku ofesi asinthe tsiku. Anakana.

"Pitani. Ine sindithawa. Mukabwera mudzandiuze zimene afunsa."

Ndinasiya Matilda pambali pa bedi. Ine, amene ndinaona nkhope za anthu opita zosawerengeka, nkhope ya mkazi wanga sindinaiwerenge. Maso anali pa iye, mutu unali ku Woodlands.

Mayeso anali a 2 koloko masana. Ndinafika msanga n'kukhala pa benchi pakhonde, nditavala jekete lija ngakhale kunali kutentha kwa Okutobala. Ndinkabwereza mayankho chamumtima. Kutatsala mphindi makumi awiri foni inalira. Anali Matilda.

"Adadi, amami batopa."

"Asiye apumule. Ndibwera ndikamaliza."



"Adadi, mwamvela vamene nakamba?"

"Ndamva. Usandisokoneze."

Ndinazimitsa foni, monga mlembi wa pa ofesipo anandiuzira.

Anandilowetsa m'chipinda. Pa kompyuta panali nkhope zitatu, amuna awiri ndi mayi mmodzi wa imvi. Anandifunsa za ntchito yanga, ndinayankha. Anafunsa mmene ndimachitira ndi wodwala wa chipembedzo china, ndinayankha. Abusa Mulenga, amene anakhala pakona, ankagwedeza mutu. Zinthu zinkayenda. Kenaka mayi uja anafunsa kuti kwathu kuno abale timawauza bwanji kuti munthu wawo watsala pang'ono kufa.

Apa ndinakhala tsonga. Ili linali funso langa. Ndinaiwala zonse za Abusa Mulenga, ndinayamba kuwafotokozera makwerero aja, limodzi limodzi, monyadira. Akudwalabe. Matenda akula. Nditafika pa lachitatu ndinakweza chala, ndinati liwu ili mukalimva simufunsa, simumaliza chimene mukuchita, mumanyamuka. Ndinalitchula m'Chichewa kuti alimve kulira kwake.

Atopa.

Ndinalimva likutuluka m'kamwa mwanga. Ndipamene ndinamumva Matilda.

Sindinatsanzike. Mpando unagwa kumbuyo kwanga. Abusa Mulenga anandithamangira mpaka pageti akufunsa, "Ni chani, ba Mbewe?" Ndinangoti, "Galimoto." Anandiyendetsa okha. Panjira ndinayatsa foni. Matilda anali ataimba kasanu ndi kawiri. Ndinaimba, sanayankhe. Pa maloboti aliwonse tinaima. Msewu umenewo ndi waufupi, ndauyenda ndi miyendo kambirimbiri. Tsiku limenelo sunkatha.

Ndikulowa m'wodi ndinaona makatani atazunguliza bedi lachinayi. Ndimadziwa tanthauzo lake, ndawakokapo ndekha. Sisitala woyang'anira, mtsikana amene ndinamuphunzitsa makwerero aja atangoyamba ntchito, anabwera n'kugwada patsogolo panga. Sanafunike kunena. Koma ananena, mwa dongosolo, monga ndinamuphunzitsira.

"Ba shikulu, batisiya."

Esnati anali akadali wofunda. Wina anali atamutseka kale maso ndi kumumanga chibwano. Ntchito imeneyo ndinaichitira alendo ambiri amene maina awo ndinaiwala. Ya mkazi wanga anachita ena.

Matilda anaima kumutu kwa bedi. Sanalire. Anandiyang'ana jekete.

"Banafunsa katatu ngati mwafika. Banafuna muwaimbileko nyimbo yao. Anaimba ni mai uja okolopa."

Ndinati, "Mwana wanga, sindinamve."

"Munakamba kuti mwamva. Ija mau munaniphunzisa ndimwe, adadi. Nenze kuopa kukamba ina."

Iye ananena bwino. Ananena monga mwana woleredwa ndi chapuleni. Wolakwa ndi khutu langa, limene ndinalichotsa ndekha Chichewa kuti lilowe Chingerezi. Abusa Mulenga anabwera pamaliro n'kupepesa, ndinawauza kuti asadzisenzetse. Iwo anandiphunzitsa za kuja. Za kuno ndinkazidziwa ine.

Patapita masabata atatu kalata inafika. Anditenga. Mayi wa imvi uja analemba kuti yankho langa lomaliza sadzaliiwala, ndipo akufuna ndikaliphunzitse kwa anzawo. Ndinaipinda n'kuiika m'kabokosi ka Mgonero. Ndinawayankha mizere iwiri, kuwathokoza ndi kukana. Kunapita m'busa wina wa ku Chelstone, wa digiri. Ndimamva kuti anagwira bwino.

Achinyamata amene mukufuna maulendo amenewa, pitani. Si oipa. Odwala a kumeneko nawonso amafuna wowakhalira pafupi. Koma musagulitse khutu kuti mugule pakamwa. Ine ndinabwerera m'mawodi, ndikadali momwemo. Foni yanga sizima, ngakhale ndili pakati pa pemphero. Ndikaimbira abale ndimanenabe kuti atopa, poti ndiwo ulemu wathu. Koma sindidula foni. Ndimafunsa kuti, "Mwamva chiyani?" Akayankha kuti ndamva, ndimati, "Ayi. Ndiuzeni chimene mwamva." Ena amakwiya. Akwiye.

Ulendo wa ku Ulaya sindiuwerengera pa zotayika. Pasipoti ili m'sutikesi, yopanda chidindo ngakhale chimodzi, jekete ndinapatsa mlonda wa pa geti. Zimene ndinataya ndi izi. Mkazi mmodzi, wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu m'nyumba mwanga. Mphindi makumi asanu zake zomaliza, zimene zinali zanga. Nyimbo imodzi. Ndi liwu limodzi m'kamwa mwa Matilda. Amabwera Lamlungu lililonse ku Kabwata, amandichapira, amandiphikira. Koma chiyambire tsiku lija sananditchulenso adadi. Amati ba Mbewe.