Wotchi ya Alamu ndi Zala za Amalume

Mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti wotchi siikondera, mtima wanga umawira. Mawuwa ndinawamva kwa alamu anga, ogwira ntchito mu ofesi ku Limbe, amene anayambitsa mpikisano wa bawo la pafoni wa anthu a kwathu ku Thyolo, otsala kumudzi ndi opita m'tauni omwe.

Amalume anga amatchola tiyi pa esiteti. Pa bawo la thabwa, kwathu ku Goliati konse kunalibe wowatha. Nkhomo ankaziwerenga ndi maso okha, akakudya n'kukufunsa mwaulemu ngati kunyumba kulibe ntchito ina. Foni ndinawaphunzitsa ndine. Anyamata a m'tauni ankawaseka kuti ukatswiri wawo ndi wa pansi pa mtengo basi, ndiye iwo analowa mpikisanowo kuti awatseke pakamwa.

Poyamba lamulo linali labwino. Mnzako akasewera, unali ndi tsiku lonse loti uyankhe. Amalume ankayankha akaweruka, atasamba, ndipo anagwetsa anthu mmodzimmodzi mpaka kufika pa masewero omaliza, okumana ndi mnyamata wina wa m'tauni. Apa m'pamene alamu anasintha zinthu. Akuti omalizawo achitike masana pakati pa sabata, anthu aonerere akudya nkhomaliro, ndipo wochedwa kuyankha ndi mphindi zochepa wagonja.

Ndinawaimbira. "Alamu, masana anuwo kuno ndi nthawi ya sikelo. Amalume amakhala pamzere, dengu kumsana. Bwanji osaika Lamulungu, kapena kuwonjezerako nthawi?"

"Aaa alamu, inunso," anatero akuseka. "Onse awiri ndawapatsa mphindi zofanana. Wotchi siikondera."

Zofanana! Winayo ali pampando wozungulira, netiweki ya ofesi, manja ouma ngati a abusa.

Tsikulo kunagwa chiperoni. Ine ndimagulitsa zitumbuwa pafupi ndi shedi yoyezera masamba, choncho ndinaona zonse. Amalume anatulutsa foni m'jumbo ali pamzere, n'kumasewera uku akusendera kutsogolo. Ankapambana. Wa m'tauniyo anali atatsala ndi nkhomo zongowerengeka kutsogolo kwake. Amalume anamwetulira, n'kuika chala pa dzenje loti amalizire.

Foni sinamve. Chala cha munthu wotchola tiyi kuyambira m'mawa m'chiperoni chimakhala chonyowa, chozizira, chong'aluka. Anapukuta pa malaya, malaya onyowa. Anakanikiza mwamphamvu ngati akupha nsikidzi. Ndinathamanga n'kuwalanda, koma galasi linali litadzaza kale madontho, ndipo zala zanga zinali mafuta okhaokha. Kapitawo naye akukuwa kuti dengu likwere pa sikelo. Wotchi inatha tikuyang'ana.

Alamu analemba pagulu kuti amalume agonja, ndipo akuluakulu aziphunzira kuganiza msanga. Ndinalusa kwambiri. Ndinawaimbira n'kuwauza zonse za kukhosi, ndipo kuchokera pamenepo sitipatsana moni wabwino. Sindikudandaula.

Ataweruka, amalume anatulutsa bawo lawo la thabwa pakhonde. Anayala nkhomo monga zinalili pafoni paja, osaphonya ngakhale imodzi. Anatola za m'dzenje lija, n'kuyamba kugawa, kudya, kugawa, mpaka mbali inayo inayera. Kutsogolo kwawo kunalibe munthu.

Kenako anandipatsa foni ija, ili m'jumbo momwemo.

"Tenga, mwanawe," anatero. "Ukawauze alamu akowo kuti kuganiza ndinaganiza msanga."