Mabomba Awiri Padenga la ku Satwa

Ndikukumbukira bwino chaka chimene mliri wa korona unatitsekera m'nyumba ku Satwa, mumzinda wa Dubai, ine ndili mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala m'nyumba yakale yosanja, mabanja ambirimbiri, khitchini imodzi. Bambo ankagwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu ku Ras Al Khor, ndipo amayi, omwe anali telala, anabweretsa makina awo m'chipinda n'kumasoka masiki tsiku lonse. Sukulu inali pafoni, kutuluka panja kunkafuna chilolezo. Kwa mwana wosakhazikika ngati ine, imeneyo inali ndende.

Amene anatimasula anali Mabvuto, mnyamata wa ku Zambia wa chipinda choyandikana ndi chathu. Iye anazembetsa kiyi wapadera wa chitseko cha padenga kuchokera pamsomali wa mlonda, yemwe tonse tinkangomutchula kuti Bhai. Bhai akangogona tulo ta masana, tinkauza makolo kuti tikusewera pamasitepe, kenako n'kukwera mwakachetechete: Mabvuto ndi azing'ono ake amapasa, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Yamikani.

Padengapo tinkasangalala ngati ana a mbuzi! Denga lake linali lafulati, lotentha kumapazi, koma kunali mphepo, kunali thambo, ndipo nyumba zazitali za mumzinda zinkanyezimira patali misewu ili zii. Tinaligawa pakati ndi chingwe choyanikapo zovala. Mbali yanga inali yoonera mzinda bwino. Mbali ya Mabvuto inali ndi thanki ya madzi, ndipo pansi pa thankiyo ndi pokhapo panali mthunzi.

Tsiku lina ndinatola kamwana ka nkhunda kali wefuwefu pakona, nthenga zisanamere bwino. Ndinakatcha Habibi, n'kukaika m'katoni. Popeza dzuwa la ku Dubai silichita nthabwala, ndinadumpha chingwe n'kukabisa katoniyo pansi pa thanki, m'dziko la eni ake, osapempha. Mabvuto atazindikira sanakuwe. Anangotulutsa foni ya amayi ake n'kundijambula ndili padenga, nkhunda ili m'manja.

"Chotsa katoni yako manje manje," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Ukakana, nizawaonetsa amai ako ichi chithunzi."

"Ukawaonetse," ndinamuyankha, manja m'chiuno. "Ine ndikamuuza Bhai komwe kunapita kiyi wake."

Tonse tinkadziwa mapeto ake. Wina akangoulula, mnzake aululanso, chitseko chikhomedwa ndi loko watsopano, ndipo palibe adzapondenso padenga. Habibi akanafera m'katoni mopanda womupatsa madzi. Komabe palibe ankafuna kugonja amapasa ndi Yamikani akuona.

Ndinene zoona, masiku amenewo ankandikoma. Tinkaima uyu uku uyu uko kwa chingwe, maso ali tong'o, iye akugwedeza foni m'mwamba, ine ndikuloza kuchipinda cha Bhai. Ndinkadziona ngati mkulu wa asilikali, ngakhale gulu langa lonse linali mwana mmodzi wa zaka zisanu wamamina.

Mwana wamaminayo ndi amene anatsala pang'ono kutimaliza. Masana ena mmodzi wa amapasa anamutcha Yamikani kapolo wa nkhunda. Yamikani anatupa masaya, n'kuliyatsa liwiro kutsika masitepe akukuwa kuti, "Bhai! Bhai!" Palibe anamutuma. Ine ndi Mabvuto tinayang'anana, ndipo ndinaona kuti nkhope yake yachita mantha ngati yanga. Tinamuthamangira limodzi, kugundana mapewa, kuiwala kuti ndife adani.

Tinamupeza ali m'manja mwa Che Bakali, dalaivala wachikulire wa ku Mangochi yemwe ntchito yake inali itaima chifukwa cha mliri. Ankakonda kukhala pamasitepe ndi kawailesi kake, masiki ili pachibwano, ndipo zathu zonse ankazidziwa kalekale. Anamupatsa Yamikani tende, chipatso chotsekemera cha kanjedza, kuti atseke pakamwa, n'kutiuza tonse kuti tikhale pansi.

Anatenga timabotolo tiwiri ta sanitayiza n'kutiimika moyang'anana. Anati kalekale, amayi athu asanabadwe, maiko awiri amphamvu, Amereka ndi Rasha, anali ndi mabomba a nyukiliya okwanira kupsereza dziko lonse. A Rasha anakaika mabomba awo mobisa pachilumba cha Cuba, pakhomo penipeni pa Amereka. A Amereka atawajambula ali m'ndege, anazinga chilumbacho ndi sitima zankhondo. Che Bakali ankayendetsa timabotoloto pang'onopang'ono mpaka titatsala pang'ono kugundana, ife mpweya titaugwira. Anati choopsa kwambiri sichinali atsogoleriwo, koma msilikali wina aliyense wapansi amene akanapsa mtima n'kuwombera osatumidwa. Ponena izi anamusisita Yamikani pamutu.

"Ndiye anawombera?" anafunsa Mabvuto.

"Akanawombera bwenzi ukufunsa ndi pakamwa pati?" anaseka Che Bakali. Anafotokoza kuti a Rasha anachotsa mabomba awo dziko lonse likuona, a Amereka n'kulonjeza poyera kuti sadzaukira chilumbacho. Koma kuseri anagwirizananso kuti a Amereka achotsa mabomba awo ku Turkey, pafupi ndi Rasha, bola nkhaniyo isamveke. Kwa zaka zambiri anthu ankangoti a Rasha anathawa.

"Ndiye anapambana ndani, ankolo?" ndinafunsa.

"Iwe mwana, ukufuna kupambana, kapena ukufuna nkhunda yako iuluke?"

Madzulo ake ine ndi Mabvuto tinakumana kukhitchini tikutsuka mbale, ndipo tinakambirana monong'ona madzi akutuluka pampopi kuti asatimve. Iye anati sangafufute chithunzi amapasa akudziwa, chifukwa sangamuopenso. Ndinaganiza za Habibi, n'kuvomera. Tinagwirizana kuti ine ndichotsa katoni onse akuona, iye alumbira poyera kuti sadzakhudza nkhundayo, ndipo za kiyi ndiziiwala. Chithunzicho anachifufuta pomwepo ndi chala chonyowa, ine ndikuona, koma ndinalonjeza kuti sindidzauza munthu.

Mawa lake ndinanyamula katoni kudutsa chingwe, amapasa akuvina n'kumaimba kuti, "Wathawa! Wathawa! Khalas!", mawu a Chiarabu otanthauza kuti zatha. Yamikani analira ndi manyazi ndipo anakana kundilankhula mpaka madzulo. Mawu anali pamilomo penipeni, oti ndiwauze amapasawo kuti mkulu wanuyo bomba alibenso, ankangogwedeza foni yopanda kanthu. Ndinaluma lilime. M'moyo wanga wonse sindinanyamulepo katundu wolemera ngati kakatoni kameneko.

Tsiku lotsatira ndinapeza ambulera yakale yothyoka nthiti itatsamira kukhoma la mbali yanga. Mabvuto anati sakudziwa komwe yachokera, ngakhale aliyense ankadziwa kuti inali ya amayi ake. Habibi anakulira pansi pa ambulerayo. Tinapangananso kuti mkangano ukabuka, tizigogoda paipi ya madzi yodutsa m'zipinda zathu, tikambirane ana asanalowererepo.

Tsiku limene Habibi anauluka tonse asanu tinalipo. Anayamba wakwera pathanki, dziko lomwe anathamangitsidwako lija, n'kutiyang'ana ndi diso limodzi, kenako phaa! Anazungulira pamwamba pa madenga a Satwa, ife tikudumpha ndi kukuwa mpaka kuiwala kuti Bhai ali m'tulo. Amene anakuwa kwambiri anali amapasa.

Mliri utachepa, banja la a Mabvuto linabwerera kwawo. Sabata yathayi ndinamulembera kumupempha kuti andimasule palonjezo lija, ndipo anayankha akuseka kuti zakale zimenezo, ndinene. Yamikani, amene mpaka lero amandiseka kuti ndinathawa nkhondo, adzazimvera m'nkhani inoyi.

Tsopano ndikamamva pawailesi atsogoleri akuopsezana ndi mabomba, sindifunsanso kuti wamphamvu ndani. Ndimadziwa kuti mkangano wotere sutha chifukwa wina wapambana. Umatha pakapezeka munthu wololera kunyamula katoni yake anthu akumuseka, n'kusunga pakamwa. Ine anandiseka ana awiri, ndipo nkhunda yanga inauluka.