Ndinakwecha Tindalama ta Abwana ndi Mandimu

Inu owerenga, ukhondo umene anandiphunzitsa mayi anga ndi umene wandisiya ndekhandekha kuno ku Doha. Ndinalakwa ndi manja angawa, popanda wondituma.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kudera lotchedwa Pearl, kwa bambo wina wokalamba wochokera ku Uzbekistan. Akazi awo anamwalira, ana ali kutali. Mtima wawo wonse unali pa tindalama tamkuwa takalekale ta Asogidiya, anthu amene ankachita malonda kwawoko zaka zoposa chikwi zapitazo. Tina tinali ndi bowo la ngodya zinayi pakati. Kalikonse kankakhala m'kaenvulopu kake, kolembedwa kumene kanapezeka.

Maso atayamba kuwavuta, ankandiitana masana aliwonse kuti ndiziwaonera ndi galasi lokulitsa zinthu. Ine ndinkafotokoza chizindikiro chimene ndikuona, iwo n'kutchula mfumu imene inasulitsa ndalamayo, kenako n'kuyamba nkhani zakwawo. Kunena zoona, tsiku lonse nthawi yocheza ndi munthu inali yokhayo.

Koma tindalamato tinali tobiriwira, tauve ngati poto wa mlesi, ndipo tinkandinyansa. Atagonekedwa m'chipatala kuti awachite opaleshoni ya maso, ndinati ndiwadabwitse: akabwera akuona, aone zowala. Ndinakhuthulira tonse m'beseni limodzi, n'kufinyiramo mandimu, n'kukwecha ndi sitiliwulu mpaka mkono kuwawa. Ndinkaimba ndithu.

Tinawaladi. Koma zilembo zinapita pamodzi ndi dzimbiri lija, ndipo sindinadziwenso kuti kandalama kati n'ka envulopu iti.

Atabwera anatiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo atsopanowo. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, chobiriwira chija n'chimene chinkasunga mayina. Khalas, zatha."

Sanandichotse ntchito, ndipo nthawi zina ndimati bola akanandichotsa. Chipinda chimene amasungiramo tindalamato amachikiya tsopano. Ndimaphika, amadya, amathokoza mwaulemu ngati mlendo, basi. Sabata imatha osacheza ndi aliyense. Ndimawasowa kwambiri bambowa, chikhalirecho tili m'nyumba imodzi.

Amayi anzanga obwera kudzagwira ntchito kuno, safunsa anadya phula. Si chakuda chilichonse m'nyumba ya eni chimene chikudikira manja anu. Musanakweche chinthu chimene simukuchidziwa, funsani mwini wake, ngakhale muoneke opusa. Ine ndapepesa mpaka kugwada, koma palibe chilembo ngakhale chimodzi chimene chabwerera.