Asilikali Anga a M'kabati

Kwathu ku Kaomba chidole ndi cha mwana, basi. Mwana aumbe ng'ombe yadothi, apinde galimoto yamawaya, palibe amene angatembenuke. Koma bambo wa imvi ngati ine, mlimi wa fodya, woti ali ndi mwana wamkazi wofika pokwatiwa, n'kumasunga tianthu tapulasitiki m'kabati yokhoma? Pamenepo ndiye manong'onong'o amayamba.

Ine ndinayamba mwangozi. Chaka china nditagulitsa fodya ndinapita pa boma kukagula jekete ya pa kaunjika. Pansi pa mulu wa zikwama ndi nsapato za ana ndinaona kamunthu kotalika ngati chikhatho changachi, kovala malaya ankhondo achitsulo, chishango kumsana. Zala zake zinkapindika. Chisoti chinkavuka, m'kati muli nkhope yokhala ndi chipsera patsaya. Tangoganizani, munthu wina kwinakwake anakhala pansi n'kujambula chipsera chimenecho! Jekete ija sindinagule.

Mtendere wanga unathera pomwepo. Tianthu timeneti sitibwera tathunthu. Msilikali mumupeza lero, lupanga lake lidzatuluka m'belo ina mvula itatha, mwina osatuluka n'komwe. Ndikangomva kuti Loweruka akutsekula belo ya zidole, m'munda simunkakhalikanso. Ndinkakwera njinga fodya ali lendelende m'chigafa, n'kukapalasa pansi pa mulu ngati nkhuku, kufunafuna kalupanga kochepa ngati mtengo wa machesi. Ogulitsa ankandiseka, "Afika bambo a asilikali!" Aziseka. Ndikafika kunyumba ndinkatitsuka ndi mswachi wakale, n'kutiimika bwinobwino, wa uta kumbuyo, wa mkondo kutsogolo, n'kukhoma. Mwana akayandikira galasi la kabatiyo ndinkakalipa mpaka agalu kuuwa. Nanga mwana samangoika chilichonse m'kamwa?

Zaka zomwezo fodya wanga anachita bwino. Chifukwa chake n'chodziwika: nazale ndinkafesa msanga, manyowa ndinkathira, tulo ta masana sindinkatidziwa. Koma anthu anaona fodya, anaona kabati yokhoma, n'kulumikiza okha.

Ndiye kunabwera mnyamata wa ku Lisasadzi kudzafunsira mwana wathu woyamba. Mnyamata waulemu, wodziwa khasu, mwana naye anamukonda. Ankhoswe anakumana, zonse zinkayenda, kunangotsala kutchula tsiku la chinkhoswe. Kenako kunangoti zii.

Tsiku lina masana ndikusankha fodya kunafika alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, amene anali nkhoswe ya mwanayo. Anakhala pa belo, n'kuyamba kufunsa za mvula, za mitengo ya ku okushoni, za mbuzi.

"Alamu, tanenani chimene mwadzera," ndinatero. "Mbuzi zili bwino."

"Akuchimuna akuti aganize kaye."

"Aganize chiyani? Mwanayu walakwanji?"

"Si mwana ayi. Ndi tianthu tanu tija. Akuti munakhwima. Akuti timatuluka m'kabatimo kukakawa fodya m'minda ya anzanu, ndiye iwo sangapereke mwana wawo pakhomo lotere."

Ndinaponya ndindi ya fodya pansi. "Ati chiyani? Pulasitiki! Zidole za pa kaunjika! Anthu opemphera n'kumakamba zimenezo? Kapulasitiki kanganyamule fodya, kolephera kuima kokha mphepo ikawomba?"

"Nanenso ndinawauza choncho," anatero alamu, osakweza mawu. "Koma azakhali a mnyamatayo anandifunsa funso. Anati, chidole chanji chimene mwana sachigwira?"

Masiku otsatirawo ndinali ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndilowe m'chigafa, ndituluke. Ndipite kumunda, ndibwerere khasu lili paphewa losagwira dothi. Ndinkaima pa kabati, n'kutsekula, n'kutsekanso. Ndinapsa mtima ndi anthu a ku Lisasadzi, ndi aneba, ndi yemwe anapanga tianthuto kutsidya kwa nyanja, ngakhale ndi njinga imene inkandifikitsa pa boma.

Ndinauza akazi anga kuti nditentha zonse pabwalo, anthu aone.

"Mukatentha ndiye mwavomera," anatero iwo. "Chimene amatentha pagulu n'chiyani, si zithumwa?"

"Ndiye ndikabisa kwa achimwene."

"Azidzati mwasamutsa."

"Ndikagulitsa!"

"Azidzati mwapatsira wina. Bambo, inu mukudziwa chochita, kungoti simukufuna."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko. Ndinkadziwadi.

Mwana wanga sanandinene ngakhale kamodzi. Ankasoka fodya m'chigafa, foni ili pambali pake yosalira. Ndinamupeza choncho tsiku lina, ndipo asanandione anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Atandiona anamwetulira. "Ababa, musavutike. Ngati sizinalembedwe, basi." Akanandilalatira bwenzi zili bwino, ndikanalalata nanenso. Koma mawu amenewo anandilasa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinatuma uthenga kwa alamu kuti akaitane akuchimuna.

Anabwera Loweruka masana, atsibweni a mnyamata ndi azakhali aja, mayi wamtali wouma thupi, wa maso osaphethira. Mkeka ndinayala panja, pansi pa mtengo wa mango. Kabati tinainyamula ine ndi alamu n'kuiika pabwalo. Aneba anayamba kudutsadutsa, aliyense ndi chifukwa chake, wina ati akufuna moto, wina ati nkhuku yake yasowa.

Ndinatsekula, n'kukhuthulira asilikali onse m'lichero. Onse, ndi timalupanga tawo, tizishango, timipeni ta m'chiuno. Kenako ndinaitana ana a pamudzi ndi a matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe, amene anali ataunjikana kuseri kwa nkhokwe.

"Bwerani mudzasewere!"

Palibe anasuntha. Angasunthe bwanji, poti ndine ndemwe ndinkawathamangitsa? Amayi ena anagwira ana awo pamapewa. Ndinaona azakhali aja akuyang'ana atsibweni, ndipo ndinadziwa kuti ana akakana, ukwati wathera pompa.

"Bwerani, inu! Kodi ndikulumani?" Mawu anatuluka aukali, ana n'kubwerera m'mbuyo.

Mwana wanga ndiye anatuluka m'nyumba. Anagwada pa lichero, n'kutola msilikali wa nkhwangwa ziwiri, n'kumupatsa kamtsikana kena kamamina. Kamtsikanako kanamuyang'ana, kanamugwedeza, kenako kanamukoka mwendo mpaka thyo!

Mayo ine! Ndinamva ngati wathyoka ndi wanga.

Kamtsikanako kanaseka. Basi, ana onse anakhamukira pa lichero. Fumbi kobo! Wina anamangirira msilikali wa uta pa galimoto yamawaya n'kumukhwekhwereza. Wina anakwirira awiri m'dothi, ati maliro. Chisoti china chimene ndinachisaka nyengo yonse ya dzinja chinagwera m'madzi a abakha. Ine ndinakhala pa mkeka, manja onse awiri nditawakhalira, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikawamasula ndilanda. M'mtima ndinkangoti aseweretse, alendo akapita nditolera zotsala, ndimata ndi guluu.

Azakhali aja anaonerera nthawi yaitali. Anatola mutu wa msilikali umene unagubudukira pa phazi lawo, anaufinya, anaununkhiza, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Koma bambo inu! Ndi zidoledi. Ndiye munthu wamkulu n'kumalimbana ndi zimenezi?" Anatembenukira kwa alamu. "Tsiku titchule lero lomwe, tisachedwetse ana." Kenako anandiyang'ananso, maso aja osaphethira. "Anawa azipita nazo kwawo zidolezi, eti? Kapena zimayenera kugona m'nyumba mwanu?"

Ana anaima, aliyense atafumbata wake. Mwana wanga anali chigwadire pa lichero, akundiyang'ana.

"Tengani," ndinatero. "Ndi zanu. Pitani nazo."

Akazi anga anaimba nthungululu. Ana anabalalika, ena kulowera kumudzi, ena ku esiteti, ine ndili chikhalire pa manja anga.