Nsungwi Yaiwisi Pamoto

Ayi, sindinakwiye, amake mwana. Ndi nsungwi yaphulika pamotoyi, yandikumbutsa zina. Ingochotsanipo zotsalazo.

Kwathu ku Njombwa kunali agogo ena aamuna, akulu awo a agogo anga, amene anakamenya nkhondo ya azungu yolimbana ndi Ajapani ku dziko la Bama. Ankati anawaika pa kamsasa ka asilikali pamwamba pa phiri, kumunsi kuli mudzi wa anthu otchedwa Achini, mvula osakata, mfuti osaleka kulira. Anabwerako ndi mantha. Kanthu kakangophulika, iwo ankadzigwetsa pansi.

Ife ana tinkadziwa zimenezo. Tsiku lina agogowo ndi akuluakulu ena akusoka fodya m'chigafa, mkazi wa mwana wa agogowo ali pomwepo, ine ndinaponya nsungwi yaiwisi pamoto umene tinkawotchapo chimanga. Ndinali ndi zaka mwina zisanu ndi zitatu, sindikukumbuka bwino.

Inaphulika. Agogo aja anataya fodya, koma ulendo uno sanabisale ayi. Anandithamangira ine, kundigwetsa pafumbi n'kundigonera. Jekete lawo linkanunkha utsi ndi thukuta, mtima wawo ukugunda pamsana panga.

Onse m'chigafamo anafa nalo phwete. "Asilikali, mwanyowetsatu buluku!" anatero amalume. Mpongozi wawo uja anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Usadzuke, mdzukulu wanga," anandinong'oneza agogo aja, "angakuwombere."

Anzanga ankandiyang'ana, kudikira kuti nditani. Ndiye ine, ndili kunsi kwawo komweko, ndinakuwa mmene tinkachitira masiku onse: "Ajapani awo akubwera, agogo!"

Iwo anaphimba mutu wanga ndi manja onse awiri.