Jekete la Adada Pambali pa Pulazima

Pulazima ija ndinaigula ndi mtima wodzionetsera, ndisaname. Ndinali nditangoyamba kuphunzitsa pasekondale ina kuno ku Mzuzu, ndipo ndinkafuna kuti a m'dera lathu la Chibavi aone kuti kuphunzitsa mwana wamkazi si kutaya nthawi. Masiku amenewo tauni inali ikukula mooneka ndi maso. Ophunzira a payunivesite anachuluka moti aliyense wokhala ndi kamalo kuseri kwa nyumba ankamangapo tizipinda ta lendi, ndipo m'masitolo munadzaza ma TV opyapyala aja, amene tonse tinkangowatchula kuti mapulazima.

TV yathu yakale, yachimsana ija, inapsa tsiku lina magetsi atabwera ndi mphamvu. Amama sanadandaule za nkhani kapena za makwaya. Chinawapweteka n'chakuti analibenso poonera disiki ya tsiku limene ndinalandira digiri. Adada anamwalira patangopita miyezi yochepa chichitikireni mwambowo, ndipo m'disiki imeneyo ndi mokhamo mmene amayenda ndi kuseka. Zithunzi zapepala tinali nazo zingapo, koma monsemo adada anaima chilili ngati msilikali, pakamwa atatseka. M'disikimo muli kachigawo kosakwana mphindi ziwiri: adada akutuluka pansi pa mtengo, akundigwira paphewa, kenako akutembenukira kwa wojambula n'kuseka.

Nditafika nayo kunyumba, ndinakana kuitana munthu. Ine wa digiri, ndikapemphe wina kudzandilumikizira zingwe zitatu? Ndinaikhazika pakabati moyang'anizana ndi windo, pulasitiki yapagalasi ndinaisiya pomwepo kuti isakalambe msanga, n'kulowetsa disiki ija. Chithunzi chinabwera pakati pokha, uku ndi uku kuli mizere ikuluikulu yakuda. Zinandinyansa. Ndinati ndagula TV yonse, ndiye ionetse yonse. Ndinadinadina rimoti mpaka chithunzi chinatambasuka n'kudzaza galasi lonse. Kenako ndinalowa mumenyu, ndipo chilichonse chimene chinali ndi nambala ndinachikweza mpaka kumapeto: kuwala, kala, zonse. M'mutu mwanga, zochuluka ndiye zabwino.

Amama anabwera kuchokera kukhitchini akupukuta manja, n'kukhala pampando wawo. Kachigawo kaja katafika, anayang'ana nthawi ndithu osaphethira.

"Awa mbanjani?" anafunsa m'Chitumbuka, monga amachitira chinthu chikawadabwitsa.

"Amama, mukufunsa kuti ndi ndani? Si adada awo!"

"Adada ako sanali ofiira chonchi. Sanali ojintcha chonchi. Maso awo ali kuti?"

Kunena zoona, bambo wa pagalasipo anali wamfupi, wotakata m'mapewa, nkhope ili psuu ngati njerwa yowotcha, ndipo pamene panayenera kukhala maso panali mdima wokhawokha. Adada anali munthu wamtali, wowonda, wakuda bwino. Ndinaziona ndithu zimenezo, koma mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindinkafuna kumva kuti katundu wanga ali ndi chilema.

"Ndi mmene zimaonekera zamakono, amama. Maso anu anazolowera chakale chija. Muzolowera."

Amama si munthu wokangana. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankalowetsabe disiki ija, kuonera kachigawo kawo, n'kuzimitsa. Patapita masabata angapo analeka. Anatenga kansalu koluka kamene kankakhala pa TV yakale kaja n'kuphimba pulazima yanga. Zinandiwawa kwambiri. Mumtima ndinkati koma anthu akuluakuluwa, uwagulire chabwino, iwo akufuna chakufa chija.

Loweruka lina m'mawa tinali pakhonde tikusankha nyemba, kamvula ka ku Mzuzu kosatha kaja kakuwaza. Ndinalephera kupirira.

"Amama, TV ija yakulakwirani chiyani?"

Anapitiriza kusankha, maso ali m'lichero. Atayankhula, mawu awo anali otsika.

"Mwana wane, nkhope ya adada ako yayamba kundithawa. Kale ndikatseka maso popemphera, ankabwera okha. Tsopano ndikatseka maso akubwera bambo wofiira uja. Ndikamuonanso kawiri katatu, ndiye kuti adada ako ndawataya."

Ndinachita manyazi. Ine ndinkateteza TV, pamene amama ankateteza mwamuna wawo.

Tsiku lomwelo ndinakwera kabaza kupita kumsika waukulu. Kuseri kwa ogulitsa zitsulo kunali kashopu ka bambo wina wachikulire wokonza mawailesi ndi ma TV. Anali wa ku Dedza, anabwera kumpoto kalekale, koma Chichewa chake sichinapindike ngakhale pang'ono. Ndinamufotokozera kuti TV yanga yatsopano ndi yowonongeka, ikufiiritsa anthu, ngakhale malemu adada m'disiki. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake omanga ndi kawaya, n'kunena kuti abwera masana.

Anafikadi, koma chimanjamanja. Analibe chikwama, analibe ngakhale sikuludiraiva.

"Bambo, zida mwasiya kuti?" ndinafunsa, mtima utayamba kale kukwera.

"Rimoti muli nayo, achemwali?"

"Ilipo."

"Basi, chida n'chimenecho."

Anapereka moni kwa amama mwaulemu, n'kupempha kuti tisunthe kabati. Anati TV siyang'anizana ndi windo, chifukwa kuwala kwa panja kumagwera pagalasi, ndiye munthu umangokweza kuwala kwa mkati kuti upikisane ndi dzuwa. Tinaikokera kukhoma lina. Kenako anagwira ngodya ya pulasitiki ija n'kuyamba kuimatula.

"Aaa, bambo! Ikandika!"

"Achemwali, kodi malaya atsopano mumavala ali m'pepala?"

Amama anaseka, koyamba m'masabata ambiri.

Tinalowetsa disiki, ndipo anaimitsa chithunzi pamene adada akutembenukira kwa wojambula. Choyamba anabwezeretsa mizere yakuda ija. Ndinati nditsutse, koma ananditsogolera. Anati disikiyi inajambulidwa m'muyeso wa ma TV akale, omwe chithunzi chake chinali chopapatiza. Ukachikoka kuti chidzaze galasi lotambalala, umakoka ndi anthu omwe. Atangodina, bambo wojintcha uja anaphwa, n'kutalika. Amama anasendera kutsogolo pampando.

Kenako anandionetsa kuti TV inali idakali pa makonzedwe a m'sitolo. Anati opanga amaitchera kuti iziwala mopyoza ndi kukuwa mitundu, kuti ikope maso pakati pa zinzake makumi awiri pansi pa magetsi a m'shopu. Pabalaza sipafunika zimenezo. Ndiye ine ndinali nditawonjezanso moto pamwamba pake. Anatsitsa kuwala kwa kumbuyo kwa galasi. Anatsitsa china chimene chinkachititsa kuti zoyera ziyere mopitirira, ndipo malaya a adada, amene ankangooneka ngati chigamba chowala, anayamba kuonetsa kolala ndi mabatani. Anakweza pang'ono china chotsegula mithunzi, pang'onopang'ono, mpaka mumdima uja munatuluka maso. Panalinso timizere toyera tozungulira mutu ndi makutu, ngati munthu wodulidwa ndi sizasi n'kumatidwa papepala. Anati kumeneko n'kunola chithunzi mopitirira muyeso, ndipo atatsitsa, timizereto tinachoka.

Panatsala kufiira. Anatsitsa kala, nkhope inatuwa. Anakweza, inafiiranso. Anaika rimoti pansi.

"Apa ndiye pandivuta," anatero. "Malemuwa ine sindinawaonepo, ndiye sindingadziwe poimira. Mayi, m'chithunzimu muli chinthu chimene chidakali m'nyumba muno? Tikachiika pambali n'kufananitsa mtundu wake, khungu libwera lokha."

Ndinayankha ineyo. Ndinati gauni ndinabweza kuyunivesite, ndipo zovala za adada zinagawidwa kwa abale maliro atatha, monga mwa mwambo. Ndinaona ndi maso anga abale awo ochokera ku Nkhata Bay akugawana malaya, nsapato ndi mabuluku. Ndinkakumbukanso kuti adada aang'ono anafunsa za jekete la bulawuni limene lili m'chithunzimo, ndipo amama anati sakudziwa kumene linapita.

Amama anadzuka, n'kulowa kuchipinda. Tinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Anatuluka atanyamula chinthu chokulunga m'chitenje, ndipo atafunyulula, linali jekete lija, lopindidwa bwino, likununkha mankhwala a njenjete.

"Amama!"

"Ndinanama," anatero, osandiyang'ana. "Chiuta andikhululukire. Zonse anatenga, ili lokha ndinalephera."

Mayi amene sindinamumvepo akunama ngakhale kwa wogulitsa makala. Ndinafuna kulira, ndinafunanso kuseka, ndiye ndinangoluma mlomo.

Bambo uja sanafunse kanthu. Anangoti, "Ligwireni apa, mayi, pambali pa galasi, pamene pakufika kuwala kwa panja." Amama anaimirira pambali pa TV atagwira jekete m'mapewa, ngati mwini wake ali momwemo. Jekete lenileni linali la mtundu wa khofi wothira mkaka pang'ono. La pagalasi linali lopita kofiira. Bamboyo anandipatsa rimoti.

"Dinani ndinu, achemwali. Kamodzikamodzi. Mayi ndiwo anene poima."

Ndinadina. Amama ankayang'ana jekete la m'manja, kenako la pagalasi. "Pitiriza." Ndinadinanso. "Pitiriza." Anatisinthitsanso china chimene chimapendeketsa mitundu yonse kupita kofiirira kapena kobiriwira, n'kubwerera ku kala. Zinatenga nthawi, ndipo ine amene ndimatopa msanga ndi zinthu sindinatope. Majekete awiri aja ankayandikirana pang'onopang'ono, mpaka anakhala amodzi.

"Ima penepapo," anatero amama.

Sankayang'ananso jekete. Ankayang'ana nkhope. Adada anali pagalasi, akuda bwino monga analili, ndi kachipsera kawo ka pachibwano kamene ndinali nditakaiwala. Bambo uja anati tisayembekezere kuti chithunzi chikhala chosalala ngati mafilimu atsopano, chifukwa chimene kamera sinagwire tsiku limenelo palibe TV ingachibweze. Amama sanamve n'komwe. Anasendera pafupi, n'kutambasula dzanja mpaka chala chinatsala pang'ono kukhudza galasi.

"Taonani tayi," anatero. "Yakhota. Ndinawauza m'mawa uja kuti aime ndiwakonze, iwo kuthamangira basi."

Ndinadina kuti chithunzi chiyende. Adada anatembenuka n'kuseka, ndipo amama anakhala pansi, jekete lili pamiyendo.

Bambo uja potsanzika anandiuza kuti ndilembe manambala onse papepala, chifukwa tsiku lina kudzabwera mlendo wodziwa zinthu. Sananame. Mpaka lero alendo akaona mizere yakuda ija amayamba kufunafuna rimoti. "Aphunzitsi, TV yanu sikudzaza, bweretsani ndikukonzereni." Ndimawauza kuti akakonze yakwawo. Pepala lija ndinalimata kuseri kwa TV, ndipo rimoti imakhala m'kabati ya mbale.

Mawa la tsiku limene bambo uja anabwera linali Lamlungu. Tikuchokera kutchalitchi tinkayenda pang'onopang'ono, kulambalala matope a mu Chibavi, amama atagwira Baibulo lawo pachifuwa. Sindinawafunse kanthu, ndinkaopa yankho. Titatsala pang'ono kufika pageti, anayamba okha.

"Lero popemphera ndinatseka maso."

"Ndiye, amama?"

"Abwera," anatero. "Ndi tayi yawo yokhota yomweyo."